Khadi, foni kapena ndalama ya m'manja: momwe mungalipirire kuti malipiro akwane mwezi

Mayi anga ankamanga ndalama pa nsonga ya chitenje. Akafika pamsika mfundo ija sinkamasuka msanga. Ankafunsa mtengo wa mulu wa usipa, n'kuchoka, n'kukafunsa kwina, n'kubwereranso, ndipo pofika nthawi yomasula mfundoyo ndi mano ankakhala atatsimikiza kale kuti chinthucho chikufunikadi pakhomo. Chenje ankawerenga kawiri asanamangenso. Madzulo mukanawafunsa, akanakuuzani komwe tambala iliyonse yalowera.

Ine mwana wawo ndili ndi khadi la ku banki m'chikwama, Airtel Money ndi Mpamba m'foni. Tsiku lina malipiro atangolowa ndinapita m'sitolo ina yaikulu mu Lilongwe kukagula sopo ndi mafuta ophikira basi. Ndinatuluka ndi majumbo atatu. Mtsikana wa pa tilu anatchula mtengo, ndinamupatsa khadi, ndinadinda manambala anayi, makina anatulutsa kalisiti, ndipo nditafika pokwerera minibasi sindinkakumbukiranso kuti ndalipira zingati. Zinandidetsa nkhawa kwambiri. Ndalama imeneyo ndinaikhetsera thukuta mwezi wathunthu, koma inachoka osandipweteka ngakhale pang'ono.

Kupweteka kumeneko kuli ndi ntchito yake. Mu 1998 akatswiri awiri a ku America, Drazen Prelec ndi George Loewenstein, anafotokoza kuti munthu akamalipira amamva kuwawa mumtima, ndipo kuwawako ndi kumene kumamugwira dzanja kuti asamwaze chuma. Mu 2001 Prelec yemweyo ndi mnzake Duncan Simester, a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wosavuta kumva. Anauza ophunzira kuti aliyense alembe ndalama imene angapereke pa matikiti a masewero a basketball a timu ya Boston Celtics, matikiti omwe anali atatha kale kogulitsa. Ena anauzidwa kuti wopambana adzalipira kashi, ena kuti adzalipira ndi khadi la ngongole. A khadi aja analemba mitengo yokwera pafupifupi kawiri kuposa anzawo, pa matikiti omwewo.

Kuno kwathu makhadi ambiri si a ngongole, amadula ndalama yanu yomwe ili mu akaunti, ndipo zimenezo zimathandizako. Komabe ndalamayo siidutsa m'manja. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba wa TNM mu 2013, ndipo kuchokera nthawi imeneyo ngakhale munthu amene sanapondepo mu banki amatha kuwononga ndalama ali chigonere pamphasa. Sindikunena kuti titaye makhadi kapena kutseka mafoni. Amene anadutsapo pa depoti ya Lilongwe kapena msika wa Limbe ndi ndalama ya fizi m'thumba akudziwa ubwino wa foni. Chimene ndikufotokoza pano ndi kupatsa njira iliyonse yolipirira ntchito imene imaigwira bwino, ndi kubwezera kuwawa kuja pamalo pomwe kukufunika.

Choyamba: mwezi umodzi musasinthe kanthu, ingolembani

Gulani kope la ana a sukulu. Tsegulani mauthenga onse a ku banki ndi a Airtel Money kapena Mpamba a mwezi watha, aja timangowasiya osawerenga. Ngati munafufuta, pemphani sitetimenti ku banki. Pa chilichonse chomwe munalipira lembani tsiku, kuchuluka kwa ndalama, ndi njira: kashi, khadi kapena foni. Kenako dzifunseni funso limodzi moona mtima. Kodi ndinachoka pakhomo nditakonza kugula chinthuchi, kapena maganizo anabwera nditachiona? Chomwe simunakonze chiikeni kamtanda pambali.

Kashi ilibe uthenga wokukumbutsani, choncho muziilemba madzulo aliwonse musanagone: minibasi, chimanga chootcha, K200 ya mnyamata wonyamula katundu, zonse. Mukadikira mpaka Lamlungu mudzakhala mutaiwala theka.

Mwezi ukatha werengani timitanda tija ndi kuona njira imene ili nato tambiri. Ine ndinkaganiza kuti vuto langa ndi sitolo zikuluzikulu, koma kope linaonetsa kuti ndi foni. Bandulo usiku, ina m'mawa chifukwa ya usiku ija yathera pa Facebook, mayunitsi, kandalama kwa msuweni, kena kwa mnzanga wa kuntchito. Palibe chimodzi chomwe chinali chachikulu, koma pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolowo unapitirira ndalama ya ndiwo ya sabata ziwiri. Kwa anthu ena zimakhala zosiyana. Alipo amene khadi amaligwira bwino koma akangokhala ndi ndalama m'thumba sadutsa pa chiwaya osaima. Kope lanu ndi limene likuuzeni mbali yomwe denga lanu likudontha, ndipo malangizo otsatirawa muwasinthe molingana ndi zimene mwapezazo.

Musaiwale kuwonkhetsa padera ndalama zonse zomwe munadulidwa potapa ndi potumiza. Ambirife sitiziwerengera, koma nazonso zimachoka pa malipiro omwewo.

Chachiwiri: gawani zolipira zanu pawiri

Pali zinthu zomwe mtengo wake mumaudziwa mwezi usanayambe, ndipo simungazithawe: lendi, fizi, mayunitsi a ESCOM, bilu ya madzi, kubweza ngongole, chopereka cha kutchalitchi kapena kumzikiti, chipereganyu. Pa zimenezi palibe mayesero. Palibe munthu amene amalipira lendi yopitirira chifukwa choti wagwiritsa ntchito foni. Apa khadi ndi foni ndi zabwino kuposa kashi, chifukwa simuyenda ndi ndalama zambiri, simuima pamzere, ndipo uthenga umatsala ngati umboni tsiku lomwe eni nyumba angaiwale kuti munalipira.

Palinso zinthu zomwe mumasankha muli pomwepo, maso ataona: ndiwo, makala, minibasi ndi kabaza, chakudya cha masana kuntchito, zakumwa, kaunjika, tsitsi, zoseweretsa za ana. Mtengo wake umatengera mmene mtima wanu ulili tsiku limenelo. Zimenezi ndi za ndalama ya m'manja.

Chachitatu: tsiku la malipiro, lipirani zokhazikika musanatuluke pakhomo

Uthenga woti ndalama yalowa ukafika, munthu amadziona wolemera. Nambala yomwe ili mu akaunti imaoneka yaikulu chifukwa eni ake sanatengebe gawo lawo. Choncho tsiku lomwelo, musanapite kutauni, khalani pansi ndi foni ndi kope, mulipire zonse za gulu loyamba lija.

Tiyerekeze kuti mumalandira K600,000. Manambalawa ndi chitsanzo chabe, inu muikepo anu. Lendi K150,000. Magetsi ndi madzi K40,000. Fizi, ngakhale teremu isanayambe, K60,000 pambali. Yosunga K50,000. Ya achibale K30,000. Mayunitsi ndi bandulo K20,000. Zogula zikuluzikulu za mwezi monga chimanga, mafuta, shuga, mchere ndi sopo K90,000. Zonse pamodzi ndi K440,000, ndipo mwatsala ndi K160,000. Imeneyi ndiye ndalama yanu yeniyeni ya mwezi, osati K600,000 ija.

Yosunga ichoke tsiku lomwelo ndipo ipite komwe dzanja silifika msanga: akaunti ina yopanda khadi ndiponso yosalumikizidwa ku foni, SACCO ya kuntchito, kapena banki m'khonde komwe anzanu sangakuloleni kutapa mwachisawawa. Mukati mudzasunga zotsala kumapeto kwa mwezi, sipadzatsala kanthu.

K160,000 ija muigawe pasanu, osati panayi. Sabata zinayi ndi masiku 28, pomwe mwezi uli ndi masiku 30 kapena 31, ndipo nthawi zina malipiro amachedwa. Masiku awiri kapena atatu otsalawo ndi amene amatumiza anthu kwa a katapila. Mukagawa pasanu, sabata iliyonse ili ndi K32,000, ndipo gawo lachisanu likuimira masiku omalizawo ndi zogwa mwadzidzidzi.

Chachinayi: tapani kamodzi pa sabata, muike m'maenvulopu

Apa ndi pomwe pagona ntchito yonse, choncho ndifotokoza mwatsatanetsatane.

Sankhani tsiku limodzi, tinene Loweruka m'mawa, lokatapa ndalama ya sabata pa makina a ATM kapena kwa ejenti. Mukamatapa tsiku ndi tsiku mumadulidwa kambirimbiri, ndipo simuona malire chifukwa mawa mukudziwa kuti mutapanso. Mukatapa ya mwezi wonse, sabata yoyamba mumadya nyama ndipo yomaliza mumadya ngongole, komanso ndalama yambiri m'nyumba imaitana akuba ndi opempha. Ya sabata imodzi maso amatha kuiyeza. Lachitatu mukasuzumira mumadziwa ngati mufike Loweruka kapena ayi.

Mukafika kunyumba igaweni m'maenvulopu atatu kapena anayi. Ngati mulibe maenvulopu, timapepala ta shuga kapena tizitini tikwana. Lembani pamwamba: ndiwo ndi makala, ulendo, masana, zina. Musachulutse. Ndinayamba ndi maenvulopu asanu ndi atatu ndipo ndinatopa nawo sabata yachiwiri, chifukwa nthawi zonse ndinkasowa chenje chogawira.

Samalaninso ndi mtundu wa ndalama zomwe mwatenga. Mu 2009 akatswiri ena awiri, Priya Raghubir ndi Joydeep Srivastava, anaonetsa kuti munthu amazengereza kuwononga ndalama imodzi yaikulu kusiyana ndi zing'onozing'ono zokwana mtengo womwewo. Ife tinkazidziwa kale, n'chifukwa chake timati ndalama ukangoiphwanya yatha. K5,000 imodzi, ija Reserve Bank of Malawi inatulutsa mu 2022, imatha kugona m'chikwama masiku atatu, pomwe ma K500 khumi sangaone dzuwa kulowa. Gwiritsani ntchito nzeru imeneyi. Ndalama ya kumapeto kwa sabata isungeni m'ma K5,000 ndi ma K2,000, ndipo muziphwanya imodzi imodzi tsiku lake likafika. Envulopu ya ulendo yokha ndiyo ikhale ndi zing'onozing'ono, chifukwa kondakitala m'mawa sakhala ndi chenje, ndipo mukamupatsa yaikulu mumatsika mutaiwala kapena mumamangiriridwa chenje ndi munthu wosamudziwa.

M'mawa potuluka tengani ya tsiku limenelo yokha. Yotsala ikhale kunyumba.

Lamulo la maenvulopu ndi limodzi. Envulopu ikatha, yatha mpaka Loweruka. Mukhoza kuchotsa mu envulopu ina n'kuika mu inzake, koma muchite zimenezo ndi manja anu, mukuona. Mukatenga K3,000 ya ulendo kuti mugule nkhuku, mukudziwa kuti Lachisanu muyenda wapansi, ndipo mwavomera nokha. Chosaloledwa ndi kuthamangira ku ATM kapena kwa ejenti pakati pa sabata.

Ndikukumbukira Lachinayi loyamba pomwe envulopu ya ndiwo inatsala ndi K2,000 yokha. Ndinaima pamsika nditaigwira, ndikuyang'ana nyama pa benchi. Khadi likanakhala m'thumba ndikanatapa. Ndinagula kamulu ka bonya ndi mpiru, ndinanenerera, ndipo mayi wogulitsa anandiikira basela ya matimati awiri. Tinadya bwinobwino, ana sanadandaule. Chomwe ndinaphunzira tsiku limenelo n'chakuti munthu wogwira kashi amanenerera mtengo, amayerekeza mulu uwu ndi uwo, amabweza chomwe sakuchifuna. Wolipira pa foni kawirikawiri amangofunsa nambala, ndipo nthawi zina amauzidwa kuti awonjezere yotapira.

Pa banja, maenvulopu akhale pomwe nonse awiri mukuwadziwa, ndipo mugwirizane amene akugwira envulopu iti. Mikangano yambiri ya ndalama ya ndiwo imabwera chifukwa wina akuona nambala mu akaunti pomwe mnzake akuona mitengo pamsika. Envulopu imaonetsa onse awiri chinthu chimodzi.

Chachisanu: khadi lizigona kunyumba, ndipo likatuluka likhale ndi ntchito yake

Masiku wamba khadi silifunika kuyenda nanu. Liikeni pomwe mumasunga ziphaso. Litulutseni Loweruka pokatapa ndi tsiku logula zikuluzikulu za mwezi.

Tsiku logulalo lembani mndandanda muli kunyumba, mutasuzumira m'kabati, ndipo pambali pa chilichonse muike mtengo womwe mukuyembekeza. Musapite muli ndi njala. Kafukufuku wa Manoj Thomas ndi anzake wa mu 2011, yemwe anaona zogula za mabanja ambiri ku America, anapeza kuti olipira ndi khadi ankatenga zakudya zambiri zongokopa m'maso monga zotsekemera, kuposa olipira kashi. Si mwangozi kuti masiwiti ndi mabisiketi amaikidwa pafupi ndi tilu, pomwe mumaima mukudikira.

Mukamaika katundu m'basiketi muziwonkhetsa pa foni kapena pa pepala, kuti mufike pa tilu mukudziwa kale nambala. Akatchula mtengo, musanadinde nambala yachinsinsi, uwerengeni pa makinawo ndi maso anu, kenako muusinthe m'maganizo kukhala ndalama zogwirika. K85,000 ndi ma K5,000 khumi ndi asanu ndi awiri. Dzioneni mukuwerenga imodzi imodzi pa tebulo. Kapena uyezeni ndi masiku anu a ntchito: ngati mumalandira K600,000 pa masiku 22 ogwira ntchito, tsiku limodzi ndi pafupifupi K27,000, ndiye katundu ameneyu ndi masiku atatu a thukuta lanu. Ngati wapitirira malire, bwezani china. Musachite manyazi ndi anthu a pamzere, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tengani lisiti, dikirani uthenga wa ku banki, ndipo mukafika kunyumba lembani m'kope.

Chinthu chilichonse chodula chomwe sichinali pa mndandanda, kaya nsapato, kaya foni yatsopano, chigonereni usiku umodzi. Ngati mawa mukuchifunabe ndipo mukudziwa envulopu yomwe ilipire, bwererani.

Chachisanu ndi chimodzi: foni

Khadi mukhoza kulisiya kunyumba, koma foni imagona nanu. Imagwira ntchito pakati pa usiku, pomwe masitolo atseka ndipo maganizo atopa. Kudinda *211# ya Airtel Money, *444# ya Mpamba kapena *626# ya ku banki kumatenga nthawi yochepa kuposa kumasula mfundo ya chitenje, ndiye muyenera kuika zotchinga nokha.

Ikani mu Airtel Money kapena Mpamba ndalama yoyezeka kamodzi pa mwezi, ija mwaikonzera mayunitsi, bandulo ndi achibale. Ikatha musakokerenso ina kuchokera ku banki. Ngati mukuona kuti dzanja limathamanga, pemphani ku banki kuti achotse kulumikizana kwa akaunti yanu ya malipiro ndi foni, kapena atsitse malire a ndalama yomwe mungatumize pa tsiku. Bandulo gulani ya mwezi kapena ya sabata tsiku lomwe mwakonza, m'malo mogula tating'onoting'ono nthawi iliyonse ikatha, ndipo tsekani mavidiyo ongoyamba okha.

Ngongole za pafoni zopezeka pompopompo ndi zoopsa chifukwa zimachotsa kuwawa kawiri. Simuona ndalama ikuchoka, komanso si yanu. Pokongola kwa munthu mumayenda, mumagogoda, mumafotokoza vuto, ndipo manyazi amenewo amakupangitsani kuganiza kawiri. Pa foni palibe amene akukuonani. Ndalama ikadzalowa amadula okha ndi chiwongoladzanja, mwezi watsopano n'kuyamba uli wobooka kale. Ngati muli m'kati mwake, kubweza kukhale m'gulu la zokhazikika, ndipo musatengenso ina mpaka mwezi umodzi udutse wopanda ngongole.

Za kubetcha ndinena mosabisa. Ndaona anyamata abwino, ogwira ntchito molimbika, akutaya lendi pa mpira wa ku England ali chikhalire pakhonde. Akanati aziwerenga ma K1,000 m'manja n'kupereka kwa munthu, ambiri akanaleka pachiwiri kapena pachitatu. Pa foni ndalama imasanduka manambala a masewero. Ngati kope lanu laonetsa timitanda tambiri pamenepa, chotsani mapulogalamuwo m'foni, musasiye ndalama mu foni usiku, ndipo uzani munthu mmodzi amene mumamulemekeza kuti azikufunsani.

Chachisanu ndi chiwiri: achibale

Nkhani iyi ndi yovuta ndipo sindikufuna kuipeputsa. Kale wachibale wofuna thandizo ankakwera basi kapena kulemba kalata. Lero amangoimba kuti, "Achimwene, tatumizaniko kangachepe, zinthu sizili bwino kuno," ndipo akudziwa kuti mukhoza kutumiza nthawi yomweyo. Kuthandizana ndi chikhalidwe chathu ndipo ambirife tinaphunzira ndi ndalama za amalume kapena azakhali. Vuto ndi lakuti kutumiza pa foni sikupweteka, ndiye mumavomera kasanu pa sabata osadziwa kuti mwapereka chakudya cha ana anu.

N'chifukwa chake pa chitsanzo chija pali K30,000 ya achibale. Makolo atumizireni tsiku la malipiro, ndalama yodziwika, kuti nawonso athe kukonza zawo. Yotsala ikhale ya opempha mwadzidzidzi. Ikatha, yankhani mwaulemu ndi moona: "Pepani achemwali, ya mwezi uno ndatumiza kale kwa amayi, tidikire malipiro." Mawu amenewa amavuta tsiku loyamba, koma achibale akazolowera kuti thandizo lanu limabwera nthawi yake mosalephera, amayamba kulidalira kuposa la munthu wotumiza lero n'kuzimitsa foni mawa. Matenda aakulu ndi maliro ndi nkhani ina, ndipo ndi ntchito ya gawo lachisanu lija ndi ndalama yosunga.

Musanatumize, onani dzina lomwe latuluka pa foni. Wina akaimba kuti wakutumizirani ndalama molakwika, yang'anani kaye ndalama yomwe ili mu akaunti yanu nokha, osadalira uthenga womwe wafika. Nambala yachinsinsi musauze munthu aliyense, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani kapena ku banki.

Pomwe kashi imalephera

Ndalama ya m'manja ndi yogulira, si yosungira. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu inakwera motsatira. Ndalama yogona pansi pa matilesi imachepa mphamvu mwezi ndi mwezi, kuwonjezera pa chiswe, moto ndi akuba. Yosunga ikhale pomwe ikubala kena kake, kapena isanduke chinthu chomwe mudzachifuna ndithu, monga matumba a chimanga nthawi yokolola kapena feteleza mitengo isanakwere.

Kashi ikatayika yatayika, pomwe khadi mukhoza kulitseketsa. Choncho pa ulendo wautali, pogula katundu wodula, kapena polipira munthu amene mungadzafune umboni, gwiritsani ntchito banki kapena foni. Chenje nachonso chimasowa mosadziwika. Ikani chitini pakhomo, ndipo madzulo aliwonse ma K50, ma K100 ndi ma K200 otsala m'thumba azilowa mmenemo. Chitini chimenecho chimalipira chigayo.

A bizinesi muli ndi vuto lapadera. Mayi wogulitsa mandasi kapena bambo wa okala amalandira ndalama tsiku lonse, ina m'manja, ina pa foni, ndipo yonse imaoneka ngati yake. Koma yambiri ndi mpamba wa bizinesiyo. Ngati n'kotheka khalani ndi nambala ya foni ya bizinesi yokha, yosagulira bandulo ya panyumba. Madzulo chotsani kaye ya kukaoda mawa, kenako dzilipireni ndalama yodziwika ngati wantchito, ndipo imeneyo ndiyo ilowe m'maenvulopu. Olandira za ganyu kapena za tsiku ndi tsiku achite chimodzimodzi: lendi azisonkhera pang'onopang'ono pa foni pomwe siikuoneka, ya ndiwo ikhale m'manja.

Abale athu a ku Johannesburg, Cape Town kapena ku Britain amakhala komwe khadi amangoligunditsa pa makina osadinda ndi nambala yomwe, ndipo malo ena salandira n'komwe kashi. Mabasi a mu London analeka kulandira ndalama ya m'manja mu 2014. Kumeneko envulopu ikhale akaunti yachiwiri. Malipiro azilowa mu akaunti yoyamba, yomwe khadi lake limakhala kunyumba ndipo imalipira lendi ndi kutumiza kumudzi. Sabata iliyonse musamutse ndalama yoyezeka kupita ku yachiwiri, ndipo muziyenda ndi khadi la yachiwiriyo lokha. Yatsani uthenga woonetsa yotsala nthawi iliyonse mukalipira.

Chomaliza: Lamlungu madzulo, kope ndi maenvulopu pa tebulo

Patulani mphindi khumi ndi zisanu. Tsegulani mauthenga a sabata yonse, werengani zotsala m'maenvulopu, lembani. Ngati envulopu ya ndiwo ikutha Lachinayi sabata zitatu zotsatizana, si kuti ndinu wosasamala, mwina mitengo yakwera kapena munaika yochepa. Onjezerani, koma muchotse kwina ndipo mulembe komwe mwachotsa. Ngati ya masana ikutsala nthawi zonse, ichepetseni.

Mwezi woyamba mudzaphwanya lamulo kamodzi kapena kawiri. Lembani tsiku lomwe munathamangira ku ATM ndi chifukwa chake, ndipo Loweruka lotsatira muyambirenso. Chifukwa chimenecho chikabwerezabwereza, monga mankhwala a mwana kapena chopepesa pamaliro a m'dera, ndiye kuti chikufunika envulopu yakeyake.

Malipiro ena akalowa, tsegulani envulopu ya gawo lachisanu lija. Chomwe chatsalamo musachisakanize ndi ndalama yatsopano, chifukwa chikalowa mu akaunti chidzasungunuka osaoneka. Chitengeni momwemo m'manja, pamodzi ndi za m'chitini cha chenje, mukagule masheya ku banki m'khonde pa msonkhano wotsatira, kapena mukachipereke kusukulu ngati chiyambi cha fizi ya teremu ikubwerayo, ndipo lisiti mulimate m'kope.